Wakuda Akalowa, Masewera Atha

1

Ndiyambe ndi kukuuzani kuti ine ndine woyera. Sindikunena mtima ayi, za mtimazo muweruza nokha mukamaliza kuwerenga. Ndikunena khungu. Kuyambira tili pachibwenzi amuna anga ankandiitana kuti "Woyera wanga", ndipo ine ndinkakomedwa nazo ngati chitsiru.

Amuna angawo amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Aliyense amawatchula kuti a Ticha, ngakhale mayi awo owabereka. Ine ndili ndi saluni kuseri kwa msika, ndimaluka tsitsi. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, ali ku pulayimale. Banja lathu linali la anthu wamba: kukangana pang'ono, kuseka pang'ono, kugona.

A Ticha sankakonda masewera a mtundu uliwonse. Mpira wamiyendo ukangoyamba pa kanema, iwo tulo, kukamwa kuli yasa. Ndiye tangoganizani mmene ndinadabwira tsiku lina atabwera ndi nkhani yoti kwayamba mpikisano waukulu wa pulu, wa akatswiri okhaokha ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo iwo sangalole kuti uwadutse.

"Pulu? Inuyo?" ndinafunsa.

"Ee, ineyo. Bwanji, pali lamulo loletsa?"

"Munayamba liti?"

"Kalekale, kungoti iwe sunkaona. Akuonetsa pa kanema masana aliwonse kwa Mandevu, kutsidya kwa njanji. Ndikamaliza ndi ophunzira am'mawa ndizidutsira komweko."

Kwa Mandevu ndi malo osewererako pulu, ndipo ndi kutali, kumapeto kwenikweni kwa tauni. Nditafunsa kuti bwanji osaonera pakhomo, anati kanema wathu ndi wosauka, sagwira zinthu zapamwamba. Ndinangoti chabwino, mwamuna naye azikhala ndi kake kosangalala nako.

Loweruka lina m'mawa ndinali kuyanika zovala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi zenera la kubafa. A Ticha anali m'bafamo pa foni. Madzi anawatsegula kwambiri kuti aphimbe mawu, koma zenera anaiwala.

"Usadandaule za woyera uja," anatero monong'ona. "Woyera ndi wongoyambira basi. Wofunika ndi wakuda. Wakuda akalowa, masewera atha."

Kenako anaseka kuseka kwina kwake, kumene ine ndinakumva komaliza tisanakwatirane. Malaya awo amene anali m'manja mwanga anagwera m'dothi, ndipo ndinawapondanso dala.

2

Nkhaniyi ndinakaitula kwa apongozi tsiku lotsatira, banja lonse litakumana kumeneko monga tinkachitira Lamlungu lililonse. Panali apongoziwo, mayi wa Baibulo m'manja ndi lilime lakuthwa. Panali alamu anga, akulu awo a a Ticha, bambo wowotcherera zitsulo, wamkulu thupi, amene akaseka mbale zimalira m'kabati. Panalinso mkazi wawo, amene tonse timamutchula kuti Sisi. Sisi anali mnzanga wa pamtima. Tsitsi lake ndinkaluka ndine, zinsinsi zanga ankasunga ndi iye.

Ndinafotokoza zonse misozi ili chuchuchu. A Ticha anandimvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili phee. Kenako anadzuka, natenga kabotolo ka mchere ndi rimoti ya kanema, n'kuziika patebulo. Anabwerekanso ambulera ya mayi awo.

"Amayi, onani kuno. Mcherewu ndi mpira woyera. Umenewu ndi womenyera chabe, ndi umene timayambira. Rimotiyi ndi mpira wakuda. Wakudawu umalowa m'dzenje pomaliza, ndipo amene waulowetsa ndiye wapambana." Anagunda mcherewo ndi nsonga ya ambulera, mchere unagunda rimoti, rimoti inagwera pansi. "Basi. Wakuda amene akulirira mpongozi wanuyu ndi ameneyo, ali pansiyo."

Alamu anaphulika. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, mpaka kutsika pa sofa n'kukhala pansi.

"Alamu! Alamu anga inu! Mukuchitira nsanje mpira? Mawa mudzatiuza kuti ali pachibwenzi ndi tebulo!"

Apongozi sanaseke, koma mawu awo anandiwawa kuposa kusekako.

"Masewera a kumowa amenewo ine sindigwirizana nawo. Koma apa mwana wanga mwamunamizira. Pepesani."

Sisi yekha ndi amene anadzuka mwakachetechete n'kupita kukhitchini kukatsuka mbale zotsuka kale. Ndinati mumtima, mnzanga weniweni ndi ameneyu, sakufuna kuona manyazi anga.

Ndinapepesa. Ndinapepesa bwinobwino, maso ali pansi. Koma m'mutu mwanga munatsala kamawu kamodzi pa zimene ndinamva kubafa zija, kakang'ono ngati mchenga m'diso. Kamawuko ndikuuzani tikafika pake, musandifulumizitse.

3

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mkazi wabwino woti n'kumuika pa kalendala. Madzulo aliwonse a Ticha akafika, ndinkawalandira chikwama n'kuwafunsa mwaulemu:

"Zayenda bwanji kwa Mandevu? Mawa apambana ndani?"

Poyamba ankachita chibwibwi, n'kulowa kuchipinda ndi foni, n'kutulukako ndi yankho. Koma posakhalitsa anayamba kubwera ndi nkhani zonona. Inenso masiku amenewo zochita zinandichulukira, moti masana ndinkatseka saluni n'kupita kwina, koma nthawi yomvera nkhani zawo sinkandisowa.

"Kwa Mandevu kwabwera mayi wina wodabwitsa," anandiuza tsiku lina akuvula nsapato. "Amavala chipewa chachikulu ndi magalasi akuda. Amakhala kutsogolo, osalankhula ndi munthu. Masewera akayamba amangoyang'ana pang'ono, kenako n'kuloza pa kanema, amvekere, 'Watha uyu.' Ndipo amene walozedwayo amathadi. Ngakhale katswiri amene anatenga chikho chaka chatha, mayiyo anangoti watha uyu, anthu n'kumuseka. Lero katswiriyo ali kwawo. Panopa anthu akungomutchula kuti Mayi Watha."

"Ha! Inu mumamudziwa?"

"Kumudziwa? Timakhala benchi imodzi. Zina mwa zimene amanenazo ndimamunong'oneza ndine."

"Ndi wokongola?"

Anandiyang'ana, n'kukumbukira nsanje yanga ija.

"Aaa, ayi. Ndi chimayi chachikulire. Mano akutsogolo alibe."

"Zachisoni," ndinatero.

Patapita masiku, bodza linakula ndipo linamera mapiko. Akuti Mayi Watha anawagulira chakumwa, iwo anakana. Akuti Mayi Watha anawapempha nambala ya foni, iwo anamuonetsa mphete. Akuti amawayang'ana moti amachita kusowa mtendere. Zonsezi ndinkazimvera ndikuwasitira malaya, mlomo nditauluma.

Vuto la a Ticha ndi loti bodza likawakomera, sangalidye okha. Anakalifotokozanso kwa apongozi, pamaso pa alamu. Mpikisano unali utafika pa ndime yomaliza, ndipo anatsala anali akatswiri awiri: mnyamata wothamanga magazi amene anthu ankamutcha Wamanzere, ndi wachikulire wina wodekha wotchedwa Mdala wa Dazi.

"Chikho ndi cha Wamanzere," a Ticha analengeza, mwendo uli pamwamba pa unzake. "Ine ndi Mayi Watha tagwirizana kale."

Apa m'pamene ndinaponya kamwala kanga.

"Bwanji Lamlungu likubwerali tonse tipite tikaonere limodzi? Inenso ndiphunzireko, ndisadzachitenso manyazi ngati aja."

Alamu anawomba m'manja. Apongozi anati malo otero iwo saponda, koma ulendo uno apita, akamuone mayi wopanda manoyo amene akusokoneza mwana wawo, amuuze mawu awiri. A Ticha anayamba kutuluka thukuta. Anati kumakhala utsi wa fodya. Anati mipando imachepa. Anati kilatchi ya galimoto yawo ikuvuta.

"Tikwera yanga," anatero alamu. "Kapena atiyendetse mkazi wangayu. Wakhala akuphunzira kwa iwe chaka chonse chino, koma rivesi mpaka lero imamukana!" Anasekanso.

Sisi anati Lamlungu limenelo mutu udzakhala ukumupweteka. Tonse tinaseka, ndipo ine ndinamugwira dzanja.

"Sisi, usandisiye ndekha pakati pa azibambo. Tiye basi."

4

Tsikulo linafika. Titawoloka njanji, a Ticha, amene ankatilondolera njira, anatikhotetsera kolakwika kawiri. Anati misewu aisintha. Titafika, anatsogola molimba mtima n'kukatsegula chitseko cha chipinda chosungiramo makreti.

"Khomonso alisintha," anatero.

Khomo lenileni analipeza ndi alamu. M'katimo munali modzaza. Matebulo obiriwira anawakankhira kukhoma, mabenchi atandandalika kuyang'ana kanema wamkulu ngati chitseko cha galaja. A Ticha analowa patsogolo, kenako apongozi atakumbatira Baibulo, kenako alamu ndi Sisi. Ine ndinatsalira pambuyo pang'ono, ndikutsegula chikwama changa.

Holo yonse inaimirira. Kuwomba m'manja, malikhweru, ena kumenya mabenchi. A Ticha anadzidzimuka, kenako anakweza dzanja ngati phungu wofika pamsonkhano.

"Mwaona?" anauza mayi awo. "Amandidziwa kuno."

"Mayi Watha! Mayi Watha! Mayi Watha!"

Mandevu mwini wake anabwera chothamanga, anawadutsa a Ticha ngati mzati, n'kudzandilandira chikwama. A Ticha anatembenuka. Anaona chipewa chachikulu. Anaona magalasi akuda. Ndinavula magalasiwo pang'onopang'ono, n'kuwamwetulira kuti awerenge bwino mano anga.

Tsopano ndikuuzeni, owerenga. Bambo anga anali ndi tebulo la pulu kuseri kwa sitolo yawo. Ine ndinakulira pansi pa tebulo limenelo. Ndinayamba kugwira ndodo ndikuchita kukwera pa kreti, ndipo pamene ndinkamaliza sukulu, madalaivala a malole ankathawa akandiona ndikupaka choko kunsonga kwa ndodoyo. Zimenezi a Ticha sindinawauzepo, chifukwa tsiku loyamba kukaonekera kwa apongozi, mayiwo ananena kuti mtsikana wodziwa kumene kuli tebulo la pulu si mkazi womanga naye banja. Ndinameza luso langa n'kukhala chete.

Ndiye kamawu kaja. M'moyo wanga wonse wa pa tebulo, sindinamvepo munthu, ngakhale woledzera chotani, akunena kuti mpira *akalowa*. Mpira *ukalowa*. Pofotokozera mayi awo ndi ambulera ija, a Ticha ananena bwinobwino kuti wakudawu *umalowa*. Koma kubafa kuja anati *akalowa*. Amene akalowa ndi munthu, wa miyendo iwiri, ndipo kolowako ndi m'nyumba mwanga.

Choncho tsiku lotsatira kupepesa kuja ndinagula chipewa ndi magalasi, n'kupita kwa Mandevu kuti ndikaone ngati aliko. Kunalibe. Mawa lake kunalibe. Tsiku lina lililonse kunalibe. Koma masewerawo anandikoka, magazi a bambo anga anadzuka. Chinsinsi changa n'chosavuta: sindiyang'ana mipira, ndimayang'ana dzanja limene wosewera waika pa nsalu. Nkhope imanama, koma zala za munthu wamantha sizidziwa kunama. Tsiku lina mawu anangondipulumuka, ndipo dzina linabadwa.

Nanga a Ticha nkhani zanga ankazitenga kuti? Kwa bambo wosamalira matebulo, wotchedwa Choko, amene anaphunzira galimoto kwa iwo. Ankamuimbira madzulo aliwonse kuti awauze zimene zachitika, iwo n'kuthirako mchere wawo. Choko sankadziwa kuti mayi wa chipewayo ndi mkazi wa aphunzitsi ake.

5

Apongozi ndi amene anayamba kupeza mawu.

"Ameneyu ndiye wopanda mano uja?"

"Mayi, bambowa ndi ndani?" Mandevu anandifunsa. "Tiwapezere mpando?"

"Ndi amuna anga. Akuti timakhala benchi imodzi masiku onse, ndipo ndi amene amandinong'oneza."

Holo inagwa ndi phwete. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, Choko anatulukira atanyamula mabotolo.

"A Ticha! Mwabwera lero? Takulandirani! Mwaona, ndinkakuuzani kuti tsiku lina mudzabwere mudzaone ndi maso anu!"

Alamu anali atagwira kale m'mimba.

"Mng'ono wanga, wagwidwa! Wagwidwa ngati mbewa! Ndiye masana onsewa umapita kuti? Wakudayo ndi ndani? Tiuze, tonse ndife akuluakulu pano!"

Sindikubisirani, ndinkamva kukoma. Manyazi onse a tsiku la rimoti lija ndinali kuwabweza ndi chiwongoladzanja chake. Cholinga changa chinali chomwecho basi: a Ticha achite manyazi, aulule dzina la kamtsikana kena ka kutauni kosadziwika, apepese pamaso pa mayi awo, tibwerere kunyumba. Banja langa ndinkalifunabe.

Pa kanema, Wamanzere ndi Mdala wa Dazi anali atagwirana chanza. Anthu anayamba kukuwa:

"Mayi, tiuzeni! Watha ndani? Watha ndani?"

Ndinatembenuka kuti ndikhale pampando wanga. Koma diso lozolowera silipempha chilolezo. Linagwera pa dzanja lina, pafupi nane, limene linagwira botolo la chakumwa pamphepete pa tebulo. Botololo linkagogoda thabwa, ti-ti-ti-ti. Chala chachikulu chinkapukuta khosi la botolo mobwerezabwereza, ngati wosewera amene akupaka choko kachitatu asanamenye.

Ndinakweza maso kutsata mkonowo. Munthu ukamukonda umasiya kuona khungu lake. Tsiku limenelo ndinaliona. Sisi ndi wakuda, wakuda wokongola wosalala, woti akadutsa amuna amaiwala zimene amanena. Ndipo maphunziro ake a galimoto, amene ndinachita kumupemphera ndine kwa a Ticha, ankachitika masana.

Sindinaganize. Chala chinadzuka chokha, pakamwa panatseguka pokha.

"Watha uyu."

Anthu anayang'ana pa kanema kuti aone amene ndaloza. Kenako anaona kuti chala changa sichikuloza kumeneko, ndipo mitu yonse inatembenuka kuchitsata.

Botolo linagwa n'kusweka. Sisi anagwira kukamwa.

"Anandiuza kuti za inu zinatha kale," anatero. "Anati mukungokhalira mwana."

Kuseka kwa alamu kunaduka pakati. Anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana mng'ono wawo, kenako anafunsa ndi mawu aang'ono amene sindinkadziwa kuti ali nawo:

"Ndiye rivesi ija?"

Chimunthu chonse chija chinakhala pa tebulo la pulu, pa nsalu penipeni. Kwa Mandevu kukhala pa tebulo ndi mlandu wothamangitsidwa nawo, koma Mandevu anangoyang'ana kumbali.

Apongozi anandipatsa Baibulo kuti ndiwagwirire. Anayenda mpaka kukhoma, nasankha ndodo ya pulu, yaitali bwino. Kwa munthu amene anali asanaigwirepo, anaigwira mochititsa kaso. Yoyamba inatera pamsana pa a Ticha, yachiwiri m'matako. A Ticha anathawa, ndipo pothawapo anakalowanso m'chipinda cha makreti chija n'kudzitsekera.

Masewerawo sindinawaonere. Ndinamva mawa lake kuti chikho anatenga ndi Mdala wa Dazi, kutanthauza kuti ngakhale pamenepo a Ticha anaphonya.

6

Panopa a Ticha amagona ku ofesi ya sukulu yawo ya galimoto, pa benchi ya ophunzira. Amanditumizira mauthenga ataliatali, ena ndimawerenga, ena ayi. Sisi anapita kwa abale ake. Apongozi amabwera kudzandiona, ndipo tsiku lina, atayang'ana uku ndi uku, anandifunsa kuti kodi mpira woyerawo ukalowa m'dzenje zimatha bwanji.

Amene amandisowetsa tulo ndi alamu. Anabwera ku saluni tsiku lina, anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Alamu, mukanandiitanira pambali. Mukanandiuza pa awiri. Osati pagulu ponse paja."

"Sindinkadziwa, alamu. Ndinazindikira pomwepo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Inuyo? Mayi Watha? Osadziwa?"

Anatembenuka n'kumapita. Sakundikhulupirira mpaka lero, ndipo amene amakhala nawo pafupi akuti sanawamvenso akuseka.

Ndiye inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene mwaseka nane m'nkhaniyi, sekani ndithu, nanenso pena ndimaseka ndikakumbukira dzanja lija litakwezedwa ngati la phungu. Sindikunena kuti mukamva kamawu kokayikitsa muzikhala chete, ayi. Ine ndikanakhala chete bwenzi mpaka lero ndikusita malaya opita nawo kwa mnzanga. Koma mukamakonza zoti munthu achite manyazi pagulu, yambani mwawerenga amene mwakwera nawo galimoto. Ine ndinakonzera mmodzi, koma amene anavulala kwambiri ndi munthu amene sanandilakwire kalikonse, kupatula kuseka.

Kwa Mandevu amandiitanabe. Akuti kukubwera mpikisano wina, ndipo anthu akufunsa za ine. Mbiri yafika mpaka kusukulu kwa mwana wanga. Dzulo ndikumuluka tsitsi pakhonde, atakhala pakati pa miyendo yanga, anatembenuka mwadzidzidzi.

"Amayi, anzanga akuti inu mumadziwiratu zinthu zisanachitike. Akuti simuphonya."

"Amakokomeza, mwanangu."

"Ndiye ndiuzeni. Adadi abweranso?"

Chipeso chinkagwedera m'dzanja langa, ndipo ndinachibisa kumbuyo kwa mutu wake kuti asachione. Ndinamuuza kuti ayang'ane kutsogolo, ndimalize mzere umene ndinauyamba.